Yosefe wa Nkhope ya Amuna Anga

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, amuna anga anasanduka Yosefe Woyera, ndipo amene anawaikira dzanja patsaya kuti likhale bwino ndine ndemwe. Lero ndikakumbuka ndimaseka mpaka kutsamwa, koma nthawi imeneyo banja langa linatsala pang'ono kutha chifukwa cha thabwa.

Ndiyambe ndi chinsinsi, poti popanda icho simumva kanthu. Amuna anga ankagwira ntchito ku Joni, ine ndili pachitengwa kumudzi kwawo, kumtunda kwa Biriwiri, khomo langa loyang'anizana ndi la apongozi anga aakazi. Mu Epulo anagwidwa opanda mapepala, n'kukwezedwa basi, n'kudzatulidwa kuno ali ndi zovala zapathupi zokha. Munthu amene mudzi wonse unkadikira kuti abwera ndi malata! Atafika pa Boma la Ntcheu miyendo inakana kupitirira. Anandiimbira pafoni yobwereka, mawu ali pansipansi: "Bwerani nokha, amayi asadziwe." Milungu iwiri anabisala m'kachipinda ka mnzawo wa kabaza kuseri kwa msika, ine ndikupita kumeneko monamizira kukagulitsa kachewere. Mnzawoyo anali munthu womvetsa zinthu, ankadziwa nthawi yoti atenge njinga yake akazungulire kutali. Atapeza thiraki yobwerera ku Joni, amuna anga anandilumbiritsa kuti za kugwidwazi zisatuluke pakamwa panga. Ndinalumbira mosavuta, osadziwa kuti kumudzi sindikubwerera ndekha.

Pofika mu Ogasiti apongozi anasiya kundiyang'ana kumaso, n'kumandiyang'ana m'chiuno. Sanandifunse kanthu. Ankangokhala pakhonde n'kumapinda zala, kuyambira Januwale pamene anamuona mwana wawo komaliza, ndipo zalazo zinkawathera pamalo olakwika. Kenaka anasiya kudya ndiwo zanga, ati mchere ukuwavuta masiku ano. Mkazi aliyense wa kwathu akudziwa tanthauzo lake: mkazi woyendayenda akathira mchere amadwalitsa anthu pakhomo. Zinandipweteka kwambiri, koma ndinali nditalumbira.

Amuna anga anabwera mu Novembala, malata ali pamwamba pa galimoto, iwo atasunga ndevu zonga za mlaliki wa m'basi. Amayi awo atawaitanira pambali, anangoyankha kuti, "Mwanayo ndi wanga, amayi, nkhani yatha." Wanu motani, sananene. Kumjigo akazi anagawikana pawiri: ena ankati bamboyo ndi woleza mtima ngati mngelo, ena ankati ndinawadyetsa khuzumule. Mbali zonse ziwiri zinkagwirizana pa chinthu chimodzi, choti ine ndine wochimwa.

Masiku omwewo kutchalitchi kwathu kunafika mmisiri wosema, mkulu wochokera cha ku Tsangano, wamakutu olemera pang'ono. Bambo mfumu anamutuma kuti aseme kubadwa kwa Ambuye pathabwa la mlombwa lalikulu ngati chitseko, anthu ndi nyama zotumphuka pamwamba pa thabwalo. Anamupatsa chithunzi cha chosema china chapamwala, cha m'tchalitchi chakalekale kunja kwa nyanja, kuti azionera. Mkuluyo ankachisunga m'pepala la pulasitiki, ndipo asanachigwire ankayamba wapukuta manja. Miphakati ya mpingo inkasinthana kumuphikira. Sabata ya mphakati wathu itakwana ndinadzipereka ndekha kukapereka chakudya, chifukwa kwa munthu wogontha miseche sifika.

Ndinkati ndikatula mbale ndibwerera, koma ndinkapezeka ndakhala panjerwa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinali ndisanaonepo munthu akutuluka m'thabwa. Mkuluyo ankagogoda tchizulo pang'onopang'ono, n'kuuzira fumbi, mwadzidzidzi khutu la bulu ili. Ine pakamwa sipankatseka.

"Agogo, nanga ana awiriwa? Kodi anali mapasa, ife osauzidwa?"

Ndinafunsa choncho chifukwa khanda lina linali m'chodyera cha ng'ombe, lina pansi pake azamba awiri akulisambitsa. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati mwanayo ndi mmodzi yemweyo, koma akale ankasema tsiku lonse pathabwa limodzi, m'mawa apa, masana apo, diso lako ndi limene limayenda. Za azambawo anati akale anawaikapo dala, kuti aliyense aone kuti mwanayu anabadwa ngati ana athu omwewa, wofunika madzi ofunda. Ndinakondwera nazo zimenezo. Zimene sindinakondwere nazo ndi za nsalu. Khanda la m'chodyera analikulunga zolimba, mizeremizere kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, ndipo chodyeracho chinali cha ngodya zinayi ngati bokosi. Nditafunsa, anati n'chimodzimodzi mmene adzamukulungire tsiku la maliro ake, akale ankafuna kuti ukaona kubadwa uonerenso kumene akupita. Ndinalavula malovu pambali n'kuwauza kuti zimenezo asamanene pamaso pa munthu wapakati. Anapepesa, koma mizere ija sanaichotse.

Ng'ombe ndi bulu zinali zitalowetsa mphuno m'chodyera, pafupi ndi mwana kuposa mayi ake. Mkuluyo anati nyama ziwirizo ndi zakale pachithunzipo kuposa abusa, kuposa ngakhale Maria, moti kuli zosema zina zakalekale zongokhala mwana ndi nyamazo basi, poti ndizo zinayamba kumuzindikira mwini wake anthu akadali m'tulo. Anati ng'ombe ikuimira eni mudzi, amene anakulira m'goli la malamulo, pamene bulu akuimira obwera.

"Ndiye buluyo ndine," ndinatero, poti kwathu ndi kuchigwa kolima mpunga, kuno ndinangotengedwa.

"Mwaona pamene waima?" anatero mkuluyo, akuloza ndi tchizulo bulu amene anali pafupi kwambiri ndi mwana. "Wamudyera malo mwini mudzi."

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda monyada, mimba patsogolo.

Mbiri ya thabwalo inafalikira, anthu n'kuyamba kubwera kudzalamula. Amuna a m'mudzimo, oti ng'ombe amazidziwa kuposa ana awo, anati ng'ombe yopanda linunda ndi ya azungu, ya mkaka, singadziwe kanthu za Mpulumutsi. Mkuluyo anakumba thabwa mozungulira msana mpaka linunda linatuluka. Azimayi anati mzamba wothira madzi wanyamula chinthu chosadziwika, n'kumubweretsera mtsuko weniweni kuti aonere. Koma Maria yekha sanamukhudze. Anali atagona chammbali pamphasa, dzanja litatsamira, nkhope yotopa itayang'ana kumbali. Mayi wina wa ana asanu ndi atatu anaima nthawi yaitali akumuyang'ana, kenaka anati, "Amene anayamba kusema ichi anafunsa akazi. Zija za pamakalendala, munthu wangochira kumene ali gwade, nsalu ili mbuu, ndani anagwadapo?" Tinaseka mpaka mkuluyo anatithamangitsa, ati tikumugwedezera dzanja.

Pakona yam'munsi panali patatsala chibulumwa chosasema. Pamenepo panali pa Yosefe. Pachithunzi chija nkhope yake inali itaperepeseka, ndipo mkuluyo anati sangaseme nkhope ya m'mutu mwake, akufuna munthu wandevu woti akhale phee masiku awiri. Ine ndine, pakamwa panga pomwepa! Ndinati kunyumba kwanga kuli ndevu zongokhala, zosagwira ntchito.

Amuna anga anabwera atavala jekete ya ku Joni, atapesa ndevu ndi chipeso changa. Mkuluyo anawavula jeketeyo, n'kuwafunditsa bulangete, n'kuwakhazika panjerwa atafulatira, chigongono pabondo, dzanja patsaya, monga zinalili pachithunzi. Zofulatirazo sizinandidabwitse. Mwamuna salowa m'chikuta, amakhala panja n'kumadikira, ndiye ndinangoti akalewo mwambo ankaudziwa. Vuto linali lakuti amuna anga sankatha kukhala osamwetulira. Akangomva kuti akusemedwa, mano onse panja.

"Musaseke, bambo," ankatero mkuluyo. "Ganizani."

"Ndiganize chiyani?"

"Ganizani kuti timu yanu yagoletsedwa chakumapeto," ndinatero ine, n'kudzuka, n'kukawagwira dzanja, kulikankhira m'tsaya mpaka diso linatsinzinika pang'ono. "Apo! Musasunthe."

Ndinaseka masiku awiri onsewo mpaka mwana ankandimenya mateche m'nthiti. Ine amene ndinafunsa za mapasa, za nsalu, za bulu, za nyenyezi ya michira itatu, za phanga lakuda kumbuyo, chinthu chimodzi chokha sindinafunse: kodi bamboyu wagwiriranji tsaya tsiku loti kwabadwa mwana? Chikhalirecho kwathu kuno mwana akangogwira tsaya timamumenya padzanja, ati ukuitana maliro. Chimwemwe chinanditseka m'maso.

Thabwalo analivundukula Lamulungu lomaliza Khirisimasi isanafike. Analipaka polishi mpaka kunyezimira, n'kulikoleka pakhoma kumanja kwa guwa, litaphimbidwa ndi zitenje ziwiri. Tchalitchi chinadzaza mpaka pamawindo. Zitenje zitachotsedwa nthungululu zinalira, ndipo nthawi yomweyo ana anayamba kuloza pakona paja n'kumatembenukira kwa amuna anga. Panalibe chokayikitsa. Mphuno yawo, chipumi chawo, ngakhale khutu lawo lopindika lija. Iwo ali kumbali ya amuna, chifuwa chitatupa, akugwedezera mutu uku ndi uku ngati phungu.

Bambo mfumu anali wachinyamata, wobwera kumene m'parishi, wokonda kuphunzitsa. Za m'mudzi mwathu sankadziwa n'chimodzi chomwe. Anatenga bango n'kuyamba kuloza chimodzichimodzi. Phanga lakuda ndi dziko lathu lamdima limene kuwala kwalowamo. Nyenyezi ya michira itatu ndi Mulungu mmodzi mwa atatu. Ng'ombe, bulu, azamba, zonse monga anandiuzira mkulu uja, ine n'kumavomera mokweza kuti oyandikana nane adziwe kuti ndinazimva kale. Kenaka bango linatsikira pakona.

"Tsono taonani bambo awa," anatero. "Akhala patali, afulatira, agwira tsaya. Mukudziwa chifukwa chake? Akalewo sankabisa. Bambo awa akusinkhasinkha. Akudzifunsa mumtima kuti, kodi mwana ameneyu ndi wa yani, poti ine ndikudziwa kuti si wanga?"

Kenaka kumbuyo, kumbali ya azimayi, wina analephera kudzigwira, kuseka kunatulukira m'mphuno. Basi zinatha. Ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, a kwaya anagwada pansi ngati akupemphera, mkulu wa mpingo analuma buku la nyimbo. Bambo mfumu anaona ngati phunziro lawagwira mtima, n'kubwerezanso kachiwiri, mokweza. Ine ndinkafuna pansi patang'ambika. Ndinayang'ana kwa amuna anga kuti mwina achitapo kanthu, n'kupeza nawonso akuseka, kuseka kwa munthu wosadziwa kuti aike kuti nkhope.

Potuluka apongozi anadutsa pafupi nane, osandiyang'ana, akulankhula ndi mnzawo koma mawu akuponyera ine. "Ife tinakhala chete," anatero. "Lero wayankhula ndi mtengo."

Ndinazungulira kuseri kwa tchalitchi kumene mkulu uja ankamanga zida zake m'thumba. Ulemu wonse ndinausiya pakhomo.

"Agogo, tulutsani tchizulo. Mukachotse dzanja lija."

Anandiuza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza mokuwa, nkhani yonse ya miseche, moti amene anali asanaimve anaimvera pomwepo. Mkuluyo anakhala pansi. Anati sankadziwa, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti akunena zoona. Koma anati ntchito yawoyi ndi yochotsa yokhayokha, chimene wachotsa subwezera. Dzanja ndi tsaya ndi mtengo umodzi, akachotsa dzanja patsala dzenje pankhope.

"Ndiye dulani mphuno! Akhale munthu wina!"

"Ndikhoza kudula, mwana wanga. Koma anthu aona kale."

Anayesa kundiuza kuti akale anamusiya choncho Yosefe kuti naye munthu wokayika akhale ndi pokhala pafupi ndi mwanayo, asathamangitsidwe. Lero mawu amenewo ndimawakonda. Tsiku limenelo ndinawayankha kuti wokayikayo akakhale ndi nkhope ya mwamuna wa munthu wina, n'kuchokapo.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamutu, n'kuyamba kulonga zitenje m'thumba. Amuna anga analowa akupukuta thukuta, ati anyamata panjira akuwaitana kuti a Yosefe. Ataona thumba anaima.

"Lumbiro lanu sindinaswe," ndinatero, "ndipo sindiswa. Koma mwana wanga sabadwira pakhomo pamene agogo ake akumuyesa wa m'tchire. Ndikupita kwa amayi anga. Inu tsalani ndi malata anu, ndi ulemu wanu wa ku Joni."

"Anthu aiwala, amayi. Khirisimasi ikangodutsa..."

"Aiwala bwanji, mwakhomedwa pakhoma? Mlombwa umaola? Mwana ameneyu adzabatizidwa pansi pa nkhope yanu ikumukana, adzalandira ukaristia pomwepo, adzakwatira pomwepo!"

Anatuluka n'kukakhala pakhonde. Nditasuzumira, ndinawapeza atafulatira chitseko, chigongono pabondo, dzanja patsaya, osadziwa n'komwe. Mkwiyo wonse uli pakhosi, kuseka kunandiphulika. Ndinaseka misozi ili chuchuchu, ndikukuwa kuti, "Chotsani dzanjalo, inu!" Anadzidzimuka, n'kuliyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina. Iwo sanaseke. Anadzuka, n'kuoloka bwalo kulunjika kwa amayi awo.

Apongozi anali pamphasa pansi pa mtengo wa mapichesi ndi anzawo awiri, omwe aja otsogolera nkhani kumjigo. Ndinaganiza kuti amuna anga adikira alendowo achoke. Ayi ndithu. Ananjuta patsogolo pawo n'kuyamba kufotokoza: mmene anawagwirira pamsewu akupita kuntchito, mmene anagonera pasimenti m'chitokosi, mmene anatsikira basi opanda ngakhale lamba wa thalauza. Anati anaima pa Boma n'kuona minibasi ya kwathu ikuitanira, n'kubisala kuseri kwa golosale kuopa kuti wina awazindikira. Ndinaima pakhomo n'kumamvetsera, chifukwa zina mwa izo ngakhale ine anali asanandiuzepo.

Koma amuna anga akayamba kulankhula alibe mabuleki. Manyazi atawachoka, anapitirira. Anafotokoza kachipinda kaja, mbali imene kanayang'ana, masiku amene ndinkabwera, mpaka za mnzawo wa kabaza ndi maulendo ake ataliatali. "Lachiwiri loyamba anapita mpaka ku..."

"Zakwana!" ndinakuwa. "Zakwana, amva!"

Azimayi awiri aja anali atagwirana mapewa, wina pichesi litamugwa m'manja. Ndinadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itafika kumalire a dziko, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi isanu zimenezo zinandikomera.

Apongozi okha sanaseke. Anamuyang'anitsitsa mwana wawo.

"Milungu iwiri," anatero. "Pa Boma pomwepa."

"Eya, amayi."

"Ine ndikupempherera munthu wa ku Joni, iwe uli poti ndikanatha kufika wapansi. Unkafunda chiyani? Epulo kumazizira."

"Awa anandibweretsera bulangete."

"Unkadya?"

"Ankandibweretsera awa."

Apongozi anavula silipasi n'kumumenya nayo paphewa, kamodzi, kawiri, akulira, iye osathawa, bambo wandevu zake. "Ndinakubala ndi malata ine? Unatuluka m'mimba mwanga utanyamula malata?" Kenaka anadzuka, kumanga chitenje, n'kuyamba kubwera kwa ine. Ndinagwiritsa thumba langa. Ndinkadziwa kuti kupepesa sapepesa, si anthu ake, ndipo ndinali nditakonzeka kuwayankha chilichonse chimene anganene.

Kumaso sanandiyang'ane. Anawerama, manja pamawondo, mpaka nkhope yawo inayandikira mimba yanga, n'kulankhula mokalipa ngati akukalipira mwana amene wakhala pakhomopo zaka zambiri.

"Iwe uli m'menemo, wamva zimene anachita bambo ako? Kugona pa Boma milungu iwiri, mayi wake ali pompano. Ukabwera usadzatengere zimenezo. Iwe ukadzavutika uzidzabwera kunyumba."

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, thumba lili pamiyendo, n'kulira mokweza ngati mwana, ndipo iwo anakhala nane pansi pafumbipo, ndi zovala zawo za kutchalitchi.